Chaka cha Mpingo ndi Chaka cha Mlimi

Mlimi wa m'mbali mwa nyanja amawerenga chaka ndi mvula, mphepo ndi mwezi. Mpingo nawo uli ndi kawerengedwe kake: Adiventi, Khirisimasi, Lenti, Pasaka ndi Pentekoste. Mkhristu wa ku Metangula, ku Messumba kapena ku Cobue amatsata zonse ziwiri. M'phunziro lino tiziika pamodzi, tione zimene masiku a Mpingo amatikumbutsa pa ntchito ya kumunda ndi ya panyanja.

Masikuwa anachokera kuti?

Anafika kuno ndi amishoni a UMCA, a Mpingo wa Angilikani. William Percival Johnson ndi Charles Janson anafika panyanja pano mu 1882, ndipo Janson anamwalira ku Chia chaka chomwecho. Mu 1885 amishoniwo anakhazikika pachilumba cha Likoma. Kuchokera kumeneko ansembe ndi aphunzitsi ankayenda pa sitima m'midzi ya gombe lino. Akatolika nawonso amasunga masiku omwewa.

Koma kalendala ya Mpingo inakonzedwa m'maiko a kumpoto, kumene nyengo zimasemphana ndi zathu. Ku Ulaya Khirisimasi imadza m'chisanu, minda ili phee. Kwathu kuno imadza udzu uli pampikisano ndi chimanga. Tsiku ndi limodzi, koma ntchito njosiyana.

Adiventi: kudikira

Chaka cha Mpingo chimayamba ndi Adiventi, masabata 4 Khirisimasi isanafike, kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Ndi nyengo yodikira kubwera kwa Ambuye. Ndi nyengonso imene mlimi amayang'ana kumwamba kudikira mvula. Kalata ya Yakobo, mutu 5, imayerekeza Mkhristu ndi mlimi wodikira mvula moleza mtima.

Kudikira si kukhala chete ayi. Mizere ikhale itaunga, mbewu itasankhidwa, makasu atakhomedwa. Musanyengedwe ndi chizimalupsa, mvula yoyamba yongozima moto wa kutchire. Dikirani mvula yonyowetsa nthaka bwino. Wofesa mothamanga amafesa kawiri, ndipo mbewu yachiwiriyo kawirikawiri imakhala ya ngongole.

Chinangwa, chakudya chathu chachikulu, chibzalidwe ndi mvula yoyambayo. Dulani mitengo yokhwima kuchokera ku chinangwa chopanda matenda. Chimene masamba ake ndi opotana ndiponso a mawanga achikasu, chisiyeni. Kamtengo kalikonse katalike masentimita 25 mpaka 30. Bzalani mopendeketsa, maso ake ataloza kumwamba, mita 1 kuchokera pa phando lina kufika pa lina.

Khirisimasi: chimwemwe pakati pa udzu

Pa 25 Disembala timakumbukira kubadwa kwa Yesu. M'dziko lathu la Mozambique tsikuli ndi tchuthi cha anthu onse, lotchedwa Tsiku la Banja. Tiyeni tisangalale ndithu: mpunga, nkhuku, nyimbo kutchalitchi.

Komatu pali msampha. Ena amagulitsa chimanga cha m'nkhokwe, ena mpaka mbewu, kuti agule zovala ndi zakumwa. Ena amamwa kuyambira Khirisimasi mpaka Chaka Chatsopano, munda osaupondamo. Udzu sudziwa tchuthi. Chimanga chikapikisana ndi udzu m'masabata 6 oyamba, zokolola zimatsika kwambiri, ndipo kupalira mochedwa sikubweza zimene zatayika. Mwana amene timamkondwerera anabadwira m'khola, m'banja la anthu wamba. Safuna kuti tsiku lake litisiyire njala. Gulu ligwirizane kuti kupalira koyamba kuthe Khirisimasi isanafike, kapena kuyambirenso mawa lake.

Lenti: masiku a njala

Lenti imayamba Lachitatu la Phulusa, m'Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi. Ndi masiku 40 a kusala, kupemphera ndi kuthandiza osauka. Kwathu imagwa m'miyezi yowawa. Nkhokwe zatha, chimanga chatsopano sichinakhwime, malungo ali ponseponse.

Nanga munthu wodya kamodzi pa tsiku asalenso chiyani? Mneneri Yesaya, mutu 58, amaphunzitsa kuti kusala kokondweretsa Mulungu ndiko kugawana chakudya ndi wanjala. Amene ali ndi ufa agawireko mayi wamasiye. Amene wamaliza munda wake akapalire wa nkhalamba kapena wa mnzake wodwala. Ana, odwala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asasale chakudya.

Chenjezo lalikulu la nyengo ino ndi la chinangwa chowawa. Chili ndi poizoni. Njala ikavuta, anthu amavuula chinangwa chisanavunde. Musatero. Sendani, viikani masiku 4 kapena 5 mpaka chifewe, yanikani chiume gwa, kenaka sinjani. Mu 1981, m'chilala, anthu oposa 1,000 a m'chigawo cha Nampula analumala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino. Ambiri anali amayi ndi ana. Kulumala kumeneku sikuchira.

Pasaka: mwezi wowala ndi zakudya zatsopano

Bwanji tsiku la Pasaka limasinthasintha? Mu 2024 linali pa 31 Malichi, mu 2025 pa 20 Epulo. Yankho lake msodzi aliyense angalimve: Pasaka imatsata mwezi. Imakhala Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. N'chifukwa chake siidza 22 Malichi asanafike, ndipo siipitirira 25 Epulo. Asodzi a usipa amadziwa kuti mwezi ukawala, nyali sizikoka nsomba bwino. Choncho masiku a Pasaka ndi abwino kusoka maukonde, kumata mabwato ndi kupita kumapemphero.

Kumunda nako zinthu zasintha. Kuli chimanga chachiwisi, maungu ndi nkhaka. Mbewu ija tinakwirira m'Disembala ngati yotayika, lero yabereka. Yesu mwini, pa Yohane mutu 12, anafanizira imfa yake ndi mbewu yogwa m'nthaka. Mlimi savutika kumvetsa kuuka kwa akufa, chifukwa amakuona m'munda chaka ndi chaka.

Pentekoste: kukolola ndi kusunga

Pentekoste imadza pa tsiku la 50 kuchokera pa Pasaka, m'Meyi kapena m'Juni. Kwa Ayuda linali phwando la kukolola tirigu. Kwathunso ndi masika: tikukolola chimanga ndi mpunga. Mipingo yambiri imachita mapemphero othokoza, anthu atasenza zokolola kupita nazo kuguwa.

Kuthokoza kwenikweni kumaphatikiza kusunga. Yosefe ku Ejipito anasunga chakudya m'zaka 7 za dzinthu, napulumutsa anthu m'zaka 7 za njala. Gawani zokolola patatu: chakudya cha banja kufikira Epulo wa chaka chamawa, mbewu, ndi zogulitsa. Yambani ndi ziwiri zoyambazo. Chimanga chiume mpaka chilire pa dzino musanachiike m'nkhokwe kapena m'matumba. Pa nthawi yokolola mitengo imakhala yotsika. Gulu likasonkhanitsa mbewu zake n'kugulitsa pamodzi, wogula sangalinyenge ngati mmene anyengera munthu mmodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Nyengo ya mwera

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina mpaka Seputembala, mwera umaomba kuchokera kumwera. Nyanja imakalipa. Mu Seputembala 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja yomwe ino, ngalawa yake itagubuduzika ndi namondwe. Nyanja siyang'ana nkhope. Ophunzira a Yesu anali asodzi, komabe anaopa mafunde. Kukhala pagombe tsiku la mwera si kuchepa chikhulupiriro. Musadzaze bwato mopitirira, ndipo mverani akulu odziwa mitambo.

M'miyezi yomweyi madimba a m'mbali mwa mitsinje, monga Lunho, amapatsa ndiwo zamasamba. Pa 24 Ogasiti ndi tsiku la Bartolomeyo Woyera, amene tchalitchi cha Messumba chimatchedwa ndi dzina lake.

Chilimwe: kusosa ndi kukumbukira

M'Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Tikusosa. Musatenthe mapesi ndi zinyalala. Zikwirireni m'mizere, chifukwa zikaola zimadyetsa nthaka ndi kusunga chinyontho. Pa 1 Novembala ndi tsiku la Oyera Onse, ndipo mawa lake timakumbukira akufa athu. Iwo anatisiyira minda ndi nyanja ya nsomba. Nanga ife tidzasiya chiyani? Mu 2011 boma linaika nyanja ya Niassa kukhala malo otetezedwa. Masikito a udzudzu ndi ogonamo, si ophera nsomba, chifukwa amakokolola ndi tiana tomwe.

Tisaiwale anzathu Achisilamu amene tili nawo m'gulu. Ramazani yawo imadza msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Pokonza masiku a ntchito, komiti ilembe Lachisanu, Lamulungu ndi masiku a zikondwerero za onse, kuti wina asasiyidwe ndipo munda usagone.

Mafunso

1. Chizimalupsa n'chiyani? Bwanji sitibzala nacho?
2. Chinangwa chowawa tichiviike masiku angati?
3. Bwanji tsiku la Pasaka limasinthasintha?
4. Banja lakolola matumba 12 a chimanga. Limadya matumba 9 pa chaka ndipo lisunga thumba 1 la mbewu. Lingagulitse matumba angati?
5. Kambiranani: m'mudzi mwanu ndani amene gulu lingamuthandize m'Lenti ikubwerayi?

Lembani m'kope mwanu miyezi 12 ya chaka. Pambali pa mwezi uliwonse lembani tsiku la Mpingo ndi ntchito ya kumunda kapena ya panyanja.