Kuchoka pa burashi kufika pa foni: ndani akujambula uthenga umene mukuwerenga?

Tsiku lina mukakwera minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Bangwe, kapena yochokera m'tauni kulowera ku Ndirande, musaweramire pa foni. Yang'anani makoma a magolosale, mabutchala ndi masaluni. Mudzaona zikwangwani za mitundu iwiri. Zina ndi zolembedwa pamanja, penti yake inayamba kale kusuluka, ndipo pamakhala mutu wa mnyamata wometa bwino kapena ng'ombe yonenepa kuposa ng'ombe zonse za ku Chikwawa. Zina ndi zinsalu za pulasitiki zonyezimira, zokhala ndi zithunzi zenizeni, zotuluka m'makina. Zaka 20 zapitazo zinsalu zoterezi zinali zowerengeka. Lero ndiye zili paliponse.

Mwina mukudabwa kuti mzamba walowerera bwanji nkhani ya olemba zikwangwani. Chifukwa chake n'chakuti gawo lalikulu la ntchito yathu ndi kuphunzitsa, ndipo amayi ambiri amene timawalandira kusikelo amamva msanga chithunzi kusiyana ndi malembo. Amene wajambula chithunzicho amalankhula ndi mayi ine ndisanatsegule pakamwa, ndipo amapitiriza kulankhula naye ine nditaweruka.

Pamene ndinkayamba ntchito m'zaka za m'ma 1990, maposita a zaumoyo ankachokera ku Lilongwe, ku nthambi ya Unduna wa Zaumoyo yoona zophunzitsa anthu. Ankajambulidwa pamanja, ndipo kuti posita imodzi ituluke pankapita miyezi. Ikafika pachipatala tinkaisamala ngati satifiketi, kuikuta ndi pulasitiki kuti ana asaing'ambe. Tikafuna uthenga wathuwathu, tinkapita kwa olemba zikwangwani a m'dera momwemo.

Ndikukumbukira bambo wina wa ku Bangwe amene tinamupempha kuti atijambulire pakhoma mayi akuyamwitsa mwana. Sanayambe ndi penti ayi. Anabwera m'mawa masiku awiri, n'kukhala pa benchi kumapeto kwa mzere wa sikelo, akungoyang'ana. Nditawafunsa kuti ayamba liti, anandiyankha kuti, "Amayi, ndikufuna ndione kaye mmene amamangira chitenje akakhala pansi. Ndikalakwitsa pamenepo anena kuti ameneyu si mnzathu." Chithunzi chija chitatha, amayi ankakangana kuti wajambulidwayo ndi ndani mwa iwo. Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi luso la manja. Patapita zaka m'pamene ndinazindikira kuti masiku awiri a pa benchi aja ndiwo anali ntchito yeniyeni.

Ntchito yosindikiza kuno kwathu inabwera ndi amishoni. A Blantyre Mission anali ndi makina awo, ife Akatolika tinali ndi Likuni Press kumene kunkachokera nyuzipepala ya Odini, komanso Montfort Press ku Limbe kumene ambiri a ife tinadziwira magazini ya Moni. Kale m'nyumba zosindikizira mabuku munthu ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kumazindanditsa kuti zipange mawu, njira imene Johannes Gutenberg anayambitsa ku Mainz cha m'ma 1450. Zinthu zinatembenuka mwachangu kompyuta ya Macintosh itatuluka mu 1984, n'kutsatira pulogalamu ya PageMaker mu 1985, CorelDRAW mu 1989 ndi Photoshop mu 1990. Ntchito imene inkafuna wojambula, wotola zilembo ndi womata mapepala inayamba kugwiridwa ndi munthu mmodzi atakhala pa tebulo. Ndiye mu 2013 kunabwera Canva ya ku Australia, imene ngakhale mwana wa Fomu 2 amaigwiritsa ntchito pa foni.

Lero mukalowa mumsika wa Ndirande, kapena kuyenda m'mbali mwa msewu ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa, mupeza timashopu momwe muli mnyamata kapena mtsikana ndi laputopu ndi pulinta. Amadzitcha ma graphic designer. Ena anadutsa m'makoleji, koma ambiri amene ndacheza nawo anaphunzira pa YouTube kapena poyang'anira mnzawo. Amapanga makadi a ukwati ndi a chinkhoswe, zolemba za pa matisheti a kwaya, zinsalu za misonkhano ya mpingo, ndiponso mapulogalamu a maliro. Munthu akamwalira madzulo ku Queens, achibale amatumiza chithunzi pa WhatsApp, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo m'mawa mwambo usanayambe mapepala ali kale m'manja mwa anthu. Mayi anga akanakhala moyo sakanakhulupirira.

Musaganize kuti achinyamatawa akudya bwino. Inki, mapepala ndi pulasitiki zonse n'zochokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Magetsi akathima ntchito yaima, pamene burashi sinkadikira magetsi. Chimene chimawapweteka kwambiri ndi makasitomala onena kuti, "Si kungodina pa kompyuta basi?" n'kufuna kulipira mtengo wa pepala lokha. Ndipo popeza aliyense ali ndi foni, mpikisano wawo si shopu yoyandikana nayo yokha komanso mwana wa kasitomala yemweyo.

Kumbali ya zaumoyo, liwiro limeneli latithandiza, ndipo sindingabise. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kenaka mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu n'kuunjikana m'masukulu ndi m'matchalitchi. Pa nthawi ngati imeneyo simungadikire posita miyezi itatu. Uthenga wa kuthira mankhwala m'madzi akumwa ndi wa kuthamangira kuchipatala munthu akangoyamba kutsekula m'mimba unkakonzedwa m'mawa, masana uli kale m'magulu a WhatsApp a miphakati ndi a makomiti a m'midzi.

Koma msewu umene uthenga wabwino umadutsa ndi womwewo umene bodza limadutsa, ndipo apa m'pamene pali nkhawa yanga. Kale pepala losindikizidwa bwino linali ngati chidindo: ukaliona unkadziwa kuti lachokera ku boma, ku mpingo kapena ku bungwe lodziwika, chifukwa munthu wamba sakanatha kulipanga. Wogulitsa mankhwala achinyengo ankalemba pa katoni ndi makala. Lero amapita pa shopu yomwe ija, kapena kungotsegula foni yake, n'kutulutsa chithunzi cha dokotala wovala gauni yoyera, mtanda wobiriwira pakona, ndi mndandanda wa matenda 15 amene botolo limodzi likuti limachiza.

Usiku wina ndili ndi ophunzira anga ku chipinda chochirira, tinalandira mayi wachitsikana, mimba yake yoyamba, akumva ululu wosalekeza, chiberekero chikukokana mopanda kupuma ndipo mtima wa mwana ukugunda mofooka. Atafunsidwa modekha, apongozi ake anavomera kuti anamumwetsa mankhwala ofulumizitsa matenda. Za mwanamphepo azamba tonse timazidziwa kuyambira kale, ndipo timadziwa kuti mankhwala otere angathe kung'amba chiberekero. Chachilendo chinali chakuti awa sanachokere kwa agogo a kumudzi. Anandionetsa pa foni chithunzi cha malonda ake, chokongola kuposa maposita onse amene anali pakhoma la wodi yathu. "A nesi, ife timayesa ndi za chipatala," anatero mayiwo, ndipo sankanama. Anamuchita opaleshoni usiku womwewo. Mayi ndi mwana anapulumuka, koma panatsala pang'ono.

Choncho inu owerenga, kukongola kwa pepala kusakunyengeni. Muziyang'ana kuti uthengawo wachokera kwa ndani, ngati pali dzina la chipatala kapena bungwe limene mungathe kupitako ndi miyendo yanu, osati nambala ya foni yokha. Mankhwala amene akuti amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka ndi khansa nthawi imodzi ndi bodza. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wogulitsa woona sachita mantha mukamufunsa ngati mankhwala ake analembetsedwa kumeneko. Mukakayika, fikani ndi foniyo kwa namwino kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mumuonetse.

Nafenso a chipatala tili ndi pathu polakwa. Chaka chilichonse ndimapatsa ophunzira ntchito yokonza posita yophunzitsira amayi, ndipo masiku ano amaimaliza usiku umodzi. Zimatuluka zokongola. Koma mayi woyembekezera amene ali pachithunzipo nthawi zambiri amakhala mzungu wovala buluku, ataima m'khitchini ya matailosi. Wina akamaphunzitsa kusamba m'manja amaika mpopi wa m'nyumba, pamene mayi wa ku Machinjiri amene akumuphunzitsayo amagula madzi pa kiyosiki n'kusenza pa ndowa. Posachedwapa ayambanso kuuza kompyuta kuti iwajambulire munthu wakuda, ndipo imajambuladi, koma mwana wina anatuluka ndi zala 6 ndipo chitenje chinamangidwa mwa mtundu umene sindinauonepo m'Malawi muno.

Zala 6 timangoseka. Chimene sindinaseke ndi posita ya wophunzira wina yofotokoza kasungunulidwe ka Thanzi ORS. Malembo ake anali olondola: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Koma chithunzi chimene anachitola pa intaneti chinkaonetsa dzanja likuthira paketi yonse mu kapu yaing'ono ya tiyi. Mayi wosadziwa kuwerenga atsatira kapuyo, ndipo madzi a mchere wochuluka choncho amamuwonjezera vuto mwana amene watha kale madzi m'thupi. Wophunzirayo sanaone cholakwika chilichonse chifukwa maso ake anali pa mitundu ndi pa kaimidwe ka zilembo.

N'chifukwa chake ndinaika lamulo m'kalasi mwanga. Posita iliyonse isanapachikidwe, mwini wake apite nayo kusikelo, aphimbe malembo onse ndi dzanja, afunse amayi osachepera 10 funso limodzi lokha: "Mukuonapo chiyani apa?" Asawathandize kuyankha. Tikamaphunzitsa zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera, monga kutaya magazi, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi kapena mwana kusiya kusewera m'mimba, mayankho ake amatiphunzitsa zambiri. Chithunzi cha mayi wagwira mutu chimene ife tinkati chikuonetsa litsipa, amayi 7 mwa 10 anati ndi mayi amene amuna ake amuthawa. Inu a makomiti a zaumoyo m'maparishi, amene mumatuma achinyamata kukasindikiza zinsalu za misonkhano, mungathe kuchita chimodzimodzi Lamulungu Misa ikatha, musanalipire ndalama yosindikizira.

Bambo a ku Bangwe aja ndinakumana nawo mwezi wathawu pafupi ndi msika, tsitsi lonse layera. Ntchito za magolosale zinawathera. Masiku ano amalemba pa ziliza, pa makoma a sukulu za mkaka ndi pa zipata za matchalitchi, chifukwa, monga anandiuzira, pulasitiki imasuluka ndi dzuwa pakangotha chaka kapena ziwiri, ndipo ikakhala yaikulu bwino anthu amaimasula usiku kukafolerera bafa. Mdzukulu wawo ali ndi laputopu, ndipo nthawi zina amagwirira limodzi: mnyamatayo amakonza zilembo pa kompyuta, agogo ake n'kuzikweza pakhoma ndi burashi. Ndinawapempha kuti adzalankhule ndi ophunzira anga a chaka chachiwiri teremu ikubwerayi. Anayamba akana, ati iwo sukulu analekezera Sitandade 6, akanena chiyani kwa anthu a ku koleji. Kenaka anafunsa ngati pa koleji pathu pali benchi ya sikelo, ndipo nditawauza kuti ilipo ku chipatala, anati ndiwauze ophunzirawo kuti adzakumane nawo kumeneko 7 koloko m'mawa, mafoni atasiya ku hositelo.