Mapaki a Madzi: Cisangalalo ca Banja Cimene Cifuna Diso la Kholo

Kuyambira mwezi wa Seputembala kufikira Novembala, pamene dzuwa limatentha kwambiri m'Zambia, ndiponso m'Disembala masukulu akatsekera, mabanja ambiri amafunafuna malo oziziritsirako thupi. Ena mwa malo amenewa ndi mapaki a madzi, kumene kumakhala maiwe osambiramo, timitsinje tocita kukumba ndi zotsetserekapo zazitali zimene zimaponya munthu m'madzi.

Ngakhale kuti malowa amakhala ndi alonda opulumutsa anthu ndiponso madzi othiridwa mankhwala, citetezo ca mwana cimadalira kwambiri kholo limene wapita nalo.

Paki ya Wet 'n Wild, imene George Millay anatsegula mumzinda wa Orlando ku America mu 1977, ndiyo imachulidwa kawirikawiri monga ciyambi ca mapaki a madzi amakono. Inatsekedwa kumapeto kwa 2016, koma nzeru yake inali itafalikira kale m'maiko ambiri.

Kum'mwera kwa Africa kuno, paki yodziwika kwambiri ndi Valley of Waves ya ku Sun City m'dziko la South Africa, imene inatsegulidwa mu 1992. Malowa ali kutali ndi nyanja yamcere, koma ali ndi gombe la mcenga ndi dziwe lalikulu limene makina ake amautsa mafunde otalika pafupifupi mamita 2. Palinso cotsetserekapo cochedwa Temple of Courage, pamene munthu amatsika mamita 17 m'kanthawi kocepa. Mumzinda wa Durban muli uShaka Marine World, imene inatsegulidwa mu 2004, ndipo nayonso ili ndi cigawo ca zotsetserekapo.

Mafunde a m'maiwe otere amapangidwa m'njira zosiyanasiyana. Kwina makina amapopera madzi m'mathanki aakulu kenaka n'kuwatsegula nthawi imodzi, ndipo kwina amakankha madzi ndi mphepo. Funde likafika, anthu onse amakwera ndi kutsika pamodzi, ena amagwa, ndipo phokoso limaculuka. Apa m'pamene mwana wamng'ono angathe kusowa pakati pa khamu popanda wina womuona.

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu womira amakuwa ndi kukupiza manja. Zoona zake n'zakuti kumira kumacitika mwakacetecete, cifukwa munthu amene akulimbana ndi kupuma sakhala ndi mpweya woitanira thandizo. Mlonda mmodzi amayang'anira anthu ambirimbiri, pamene kholo limayang'anira ana ake okha.

Malinga ndi lipoti limene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2024, anthu pafupifupi 300,000 anafa mwa kumira m'caka ca 2021 pa dziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anai alionse anali mwana wosakwanitsa zaka 5. Ciwerengero cimeneci ciphatikiza imfa za m'mitsinje, m'nyanja, m'zitsime ndi m'maiwe. Kukula kwa vutoli ndiko kunacititsa bungwe la United Nations mu 2021 kukhazikitsa tsiku la 25 Julayi kukhala lokumbutsa anthu za kupewa kumira.

Pa cifukwa cimeneci, mwana wamng'ono kapena wosadziwa kusambira ayenera kukhala pamalo pamene dzanja la wamkulu lingamufike nthawi iliyonse. Banja likakhala lalikulu, ndi bwino kugawana nchito: wamkulu mmodzi ayang'anire ana, foni ili m'thumba, kufikira wina atamulandira. Timatumba topopa mphepo tovala m'mikono ndi zoseweretsa cabe, ndipo sitingalowe m'malo mwa jekete yoyandamitsa munthu. Malamulo a msinkhu ndi kulemera olembedwa pa zotsetserekapo nawonso ayenera kutsatiridwa, ngakhale mwana atalira motani.

Nkhani yaciwiri ndi ya ukhondo wa madzi. Anthu a m'Zambia amawadziwa bwino mankhwala a klorini cifukwa ca nkhondo yolimbana ndi kolera, ndipo ndi mankhwala omwewo amene amathiridwa m'maiwe osambiramo. Klorini imapha tizilombo tambiri m'mphindi zocepa, koma pali kacilombo koyambitsa matenda otsegula m'mimba, kochedwa Cryptosporidium, kamene bungwe la zaumoyo la ku America la CDC likuti kangakhale ndi moyo masiku oposa 7 m'madzi othiridwa bwino mankhwalawa.

Motero mwana amene akutsegula m'mimba sayenera kulowa m'dziwe, ngakhale ndalama zolowera zitalipiridwa kale. Ana aang'ono aziperekezedwa kucimbudzi pafupipafupi, matewera azisinthidwira kutali ndi madzi, ndipo aliyense aziuzidwa kusameza madzi a m'dziwe.

Cacitatu ndi dzuwa. Madzi amaziziritsa thupi kotero kuti munthu sazindikira kuti khungu likupsa. Dzuwa limakhala lamphamvu kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo. Mthunzi, cisoti, madzi akumwa ndi mafuta oteteza khungu, odzola maola awiri alionse ndiponso munthu akatuluka m'madzi, n'zofunika kwa onse, makamaka kwa ana acialubino.

Banja likangofika pa paki, ndi canzeru kuyamba layendera malo onse, kuona kuya kwa dziwe lililonse, kudziwa pamene alonda akhala ndi pamene pali thandizo loyamba, ndi kugwirizana malo okumanirapo ngati wina wasocera. Zimenezi zimatenga mphindi zowerengeka cabe, ndipo zikacitika, ana angasewere tsiku lonse ndi kubwerera kunyumba ali otopa koma amoyo ndi athanzi.