Ilala kapena hotela ya ku Senga Bay: mafunso a kholo la kwa Msakambewa

Mwana wa kumapiri kuno amaidziwa nyanja ali patali. Kukayera bwino, munthu akaima pamtunda cha ku Mvera kapena pa phiri la Ntchisi amaiona ikung'anima kum'mawa ngati lata latsopano, komabe ana ambiri a kwa Msakambewa amafika Fomu 4 asanaviikemo phazi. Tsono chaka chikakoma, fodya atagulidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza zitabereka, kholo limatulutsa lonjezo: "Ukamaliza mayeso ndidzakupititsa kunyanja." Pokwaniritsa lonjezolo mpamene mutu umaima. Mukwere naye sitima ya Ilala, kapena mukakhale naye pa hotela ya m'mbali mwa nyanja, kumene mwalipiriratu chogona ndi chakudya? Mafunso ali m'munsimu ndi amene makolo anzanga amafunsa kawirikawiri.

Kodi kuno kwathu ilipo sitima yongokwera posangalala, ngati zija timaona pa kanema?

Zazikulu zija, zokhala ndi maiwe osambiramo ndi zipinda zamasewera za achinyamata, kuno kulibe. Zapafupi ndi za kampani ya MSC, zimene nyengo ya dzinja zimanyamuka ku Durban kupita ku zilumba za ku Mozambique monga Portuguese Island, kufupi ndi Maputo. Abale athu a ku Joni ena amakwera, koma kwa ife zimafuna pasipoti ya kholo ndi ya mwana, ndi ulendo wautali usanafike n'komwe padoko.

Yathu ndi Ilala. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. M'litali ndi mamita 52. Dzina inatengera kwa Ilala yoyamba, ija inafikitsa amishoni a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, ndipo Ilala ndi dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalira mu 1873. Kwa zaka zambiri yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukatembenukira ku Chilumba, n'kubwerera Lachitatu.

Chofunika kumvetsa n'chakuti Ilala ndi sitima yantchito. Kwa anthu a ku Likoma, ku Chizumulu ndi ku Ruarwe, ndiyo basi, ndiyo lole. Imasenza chimanga, simenti, malata, matumba a usipa, ana asukulu ndi odwala. Mlendo wokaona malo amangokwera nawo.

Nanga mawu akuti "zonse zili m'kati" pa hotela amatanthauzanji kwenikweni?

Kunja, makamaka m'malo ngati Mauritius ndi Zanzibar, amatanthauza chipinda, chakudya chonse, zakumwa ndi masewera pa mtengo umodzi. Kunyanja kwathu mitengo yofala ndi itatu: chipinda ndi kadzutsa, chipinda ndi kadzutsa ndi mgonero, kapena chipinda ndi zakudya zonse zitatu. Zakumwa ndi kukwera boti nthawi zambiri zimakhala ndi mtengo wakewake. Safunsa anadya phula. Imbani foni musananyamuke, mufunse chimodzichimodzi, ndipo mufunsenso zaka zimene amayambira kulipiritsa mwana ngati munthu wamkulu, pakuti wa zaka 16 m'mahotela ambiri sakhalanso pa mtengo wa ana. Ndipo mnyamata wa msinkhu umenewo amadya. Ngati pali pamene kulipiriratu chakudya kumapindulitsa, mpamenepa.

Mwayi wathu ndi wakuti Senga Bay ili pakhomo. Kuchoka pa boma la Dowa mutsikira ku Chezi, kulowa msewu wa M14, kudutsa Mvera mpaka Salima, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 20. Mukanyamuka m'mawa, nkhomaliro mukadyera kunyanja.

Kodi mwana amapindulanji pa Ilala chimene sangachipeze pa hotela?

Amaliona dziko lake likugwira ntchito. Ndikunena izi ndi mtima wonse, chifukwa ndi chimene chimandikondetsa sitimayi.

M'kalasi anamuuza kuti nyanjayi ndi yaitali kupitirira makilomita 500 ndipo kumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Analoweza, analemba, anakhoza. Koma nambala imakhala nambala mpaka usiku umene mwana waima pamwamba pa sitima, mtunda osaoneka, kutsogolo nyali za asodzi a usipa zitandandalika ngati mudzi woyandama. Kukacha aona utsi ukukwera pakati pa madzi, afunsa chimene chikupsa, ndipo mayi wina wokhala pa thumba lake amuuza kuti si utsi, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a m'mbali mwa nyanja amakola n'kupanga ndiwo.

Makutu akenso amaphunzira. Akwera akumva Chichewa cha kwathu, pang'onopang'ono chisanduka Chinyanja cha pa zilumba, ku Nkhata Bay amva Chitonga, akapitirira amva Chitumbuka. Mwana amene anakulira pakati pa Achewa okhaokha amazindikira popanda womulalikira kuti Malawi ndi wamkulu kuposa Dowa.

Kenako Likoma. Chilumbachi ndi cha Malawi koma chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mapiri a tsidyalo amaoneka pafupi kwambiri. Pakati pa milambe pali tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene amishoni a Anglican a UMCA anayamba kumanga mu 1903. Mwana wodziwa mbiri ya Mvera, kumene amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1889, ndi ya Kongwe kumene kuli sukulu ya Robert Blake, akalowa m'tchalitchimo amayamba kufunsa yekha: miyala yonseyi anasenza ndani, ndipo n'chifukwa chiyani anasankha chilumba? Mafunso otere mphunzitsi amawalakalaka chaka chonse.

Pomaliza, pa sitima mwana amakhala ndi ntchito. Ayang'anire katundu, akafole pamzere wa chakudya, akafunse kuti doko lotsatira ndi liti. Wa zaka 16 kapena 17 amalakalaka kudaliridwa kuposa kusangalatsidwa.

Ndiye kuti hotela ndi kungotaya ndalama?

Ayi ndithu. Hotela imapereka zinthu ziwiri zimene Ilala siingapereke. Choyamba ndi madzi enieniwo. Pa sitima nyanja umangoiyang'ana. Pa gombe umalowamo. Mwana wa kumapiri amene sadziwa kusambira akhoza kuyamba kuphunzira m'dziwe la hotela kapena pamadzi osaya, wamkulu ali pambali. Angakwere boti kupita ku zilumba za Maleri, zimene zili mbali ya Lake Malawi National Park, paki yokhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984, akaone nsomba za mbuna zamitundumitundu m'miyala. Kufupi ndi Salima kulinso malo osungirako nyama a Kuti.

Chachiwiri ndi mpata wocheza. Kwathu bambo ndi mwana wake wamkulu sakhala pansi kawirikawiri. Wina ali kudimba, wina kusukulu yogonera komweko. Masiku awiri opanda ntchito, mukudya mbale zoyandikana, angatsegule pakamwa pa mwana amene wakhala chete zaka zitatu.

Chimene ndimachenjeza ndi kutalikitsa. Masiku awiri akwana. Likafika lachitatu, mchenga ndi womwewo, chambo ndi chomwecho, ndipo mwana abwerera ku foni yake ngati ali kunyumba.

Sitima ya zaka zoposa 70 sitiika mwana pachiswe? Agogo amasimba za Vipya.

Agogo sanama. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julaye 1946 cha ku Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Onani mweziwo. Julaye ndi nthawi ya mwera, mphepo yochokera kumwera imene imawomba kwambiri kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Tsoka lake, tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa nthawi yomweyo. Ilala yapirira mwera kwa zaka zonsezi, koma mwana amene amachita nseru m'minibasi potsika Mvera adzavutika pa mafunde, adzasanza usiku wonse, ndipo nyanja adzaida. Ngati mungathe, dikirani mphepo igwe. Mwana womaliza Fomu 4 sakhala pa changu chobwerera kusukulu mu Seputembala.

Malo ofunika maso kwambiri ndi pokwera ndi potsika. M'madoko ambiri sitima siifika kumtunda. Imaima pakuya, anthu n'kumatengedwa ndi maboti aang'ono, nthawi zina usiku, pali kukankhana kwa katundu. Musalimbirane boti loyamba. Mwana akhale kutsogolo kwanu, manja ake opanda chonyamula, ndipo mukangokwera mumusonyeze pamene pali majekete oyandamitsa.

Musaganize kuti gombe la hotela lilibe zake. Mwana wosadziwa kusambira amanyengeka ndi madzi abata, ndipo mwera ukawomba mafunde a ku Senga Bay amakula ndithu. Kumatsiriro a mitsinje ndi m'mabango kumakhala ng'ona ndi mvuu. Asambe pamene eni malo anena, masana okha.

Nanga akakhala mtsikana?

Apite, nyanja ndi yakenso. Koma malo ogona musaumire. Ilala ili ndi zipinda zochepa zokhoma, zofunika kusungitsa msanga. Ili ndi malo apamwamba pamene anthu amagona pamtetete, ndi malo apansi otsika mtengo, odzaza anthu ndi katundu. Ndi mtsikana, kapena mnyamata wosakwana zaka 15, ine ndingatenge chipinda, kapena kugona naye pambali pamwambapo ndi bulangeti lokhuthala, pakuti usiku kumazizira. Pamwambapo palinso bala, monga momwe hotela iliyonse ilili ndi bala. Kulikonse kumene mwasankha, mugwirizane musanachoke pakhomo za ola lobwerera pamene pali kholo.

Za matenda?

Ziwiri. Kunyanja kumatentha ndipo udzudzu ndi wochuluka kuposa kumapiri kuno, choncho agone m'neti, ndipo akatentha thupi mutabwerako mukamuyezetse malungo tsiku lomwelo. China ndi likodzo, lofala m'madzi odikha okhala ndi nkhono. Mankhwala ake ndi praziquantel. Kafunseni kuchipatala nthawi yoyenera kumwa.

Potengera thumba, chotsika mtengo n'chiti?

Tikiti ya malo apansi pa Ilala ndi yotsika kuposa usiku umodzi pa hotela yaikulu, koma musawerengere tikiti yokha. Chakudya cha pa sitima mumagula panokha. Ndipo Ilala imadya masiku. Imachedwa padoko mpaka katundu atatha kutsitsidwa, ndipo nthawi zina imaima milungu ingapo ikukonzedwa ku Monkey Bay. Mukatsika ku Likoma mudzalipira pogona podikira kuti ibwerere. Mlimi amene wasiya nazale ya fodya yofuna kuthirira, kapena mphunzitsi woyenera kukhala m'kalasi Lolemba, ayenera kuwerengera zimenezi. Hotela imadya ndalama zambiri pa tsiku, koma tsiku lobwerera mumalidziwa.

Inuyo mukanakhala ndi mwana wa zaka 16, mukanatani?

Ndikanayamba ndamukhazika pansi ndi mapu, n'kumuuza ndalama zimene zilipo, osabisa. Akanati akufuna kusambira ndi kupuma, kapena ndikanadziwa kuti mimba yake siipirira ulendo, tikanapita ku Senga Bay masiku awiri, chakudya cholipiriratu.

Koma akanaloza Likoma pa mapupo, sindikanazengereza. Sitikanayenda ulendo wonse wa masiku asanu. Tikanadikira mwera uthe, n'kufunsa ku ofesi ya sitima tsiku limene ikufika ku Nkhotakota, n'kutsikira kumeneko kudzera ku Salima ndi msewu wa M5. Tikanafika msanga kuti aone mtengo umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860. Tikanakwera mpaka Likoma, kugona masiku awiri kapena atatu panyumba ya alendo yotsika mtengo, iye n'kumasambira pa gombe la kumeneko, kenako n'kubwerera nayo Ilala ikamachokera ku Chilumba. Matikiti ndikanamupatsa iyeyo kuti asunge.