Mbongeni Ngema ndi ntchito imene oonera saiona

Ambiri kuno kwathu anamudziwa Sarafina kudzera mu filimu ya 1992, ija ya Leleti Khumalo ndi Whoopi Goldberg imene inkadzaza anthu m'mavidiyo sho. Filimuyo inabwera pambuyo, sewero lake litatha kale zaka zisanu chiyambireni kuonetsedwa pa siteji, ndipo anaitsogolera ndi munthu wina, Darrell Roodt. Mwini sewero, amene analilemba, kupeka nyimbo zake zambiri ndi kusula achinyamata amene analisewera, anali Mbongeni Ngema. Ife a zisudzo amatifunsa kawirikawiri kuti dayilekita amagwira ntchito yanji popeza pa siteji saonekapo. Ine ndikafunsidwa choncho ndimawafotokozera za bambo ameneyu.

Ngema anakulira m'chigawo cha Natal ndipo analowa m'zisudzo ngati woimba gitala. Ntchito anaiphunzirira kwa Gibson Kente, mkulu amene ankayendetsa masewero a nyimbo m'maholo a m'makomboni a anthu akuda ku South Africa. Kwa Kente wosewera ankayenera kuimba, kuvina ndi kulankhula moti wa pampando wakumbuyo amve popanda chimkuzamawu. Ali pa ulendo woonetsa sewero la Kente lotchedwa Mama and the Load, Ngema ndi mnzake Percy Mtwa anayamba kukambirana funso limodzi: Yesu atabweranso n'kufikira ku South Africa wa tsankho, zingathe bwanji?

Funso lokha si sewero, ndipo apa ndi pamene dayilekita amalowera. Awiriwa anatengera maganizo awo kwa Barney Simon wa ku Market Theatre, holo imene iye ndi Mannie Manim anatsegula mu 1976 mu msika wakale wa zipatso ku Johannesburg. Simon anawatuma kumisewu kuti akaonetsetse anthu enieni, ometa tsitsi, ogulitsa nyama, onyamula malasha, kenako adzawasewere. Chimene chinatuluka mu 1981 ndi Woza Albert!, sewero la anthu awiri, mabokosi awiri ndi zovala zochepa zopachika pa mtengo. Wosewera akafuna kusanduka mzungu ankangokweza kampira kofiirira kamene kanali m'khosi n'kukaika pamphuno. Basi. Oonera ankadziwa nthawi yomweyo kuti bwana wafika, ndipo ankaseka asanatsegule n'komwe pakamwa. Kusankha kampira m'malo mwa mulu wa zovala, imeneyo ndiyo ntchito yathu.

Pambuyo pake Ngema anakhazikitsa gulu lake, Committed Artists, ndipo anatsogolera Asinamali!, sewero la akaidi asanu limene linafika mpaka ku Broadway ku New York mu 1987.

Sewero la nyimbo ngati Sarafina! ndi lovuta mwapadera, ndipo magulu ambiri amene ndawaonera amaphonya pamalo amodzi. Amalemba sewero lonse, kenako n'kuitana kwaya kuti izidzaza mpata pamene akusintha mipando. Limenelo ndi sewero lokhala ndi kwaya. Mu sewero la nyimbo lenileni, munthu amaimba pamene mawu wamba amuchepera, ndipo nyimbo ikamatha nkhani imakhala yasuntha. Muyeso wake ndi wosavuta: chotsani nyimboyo. Ngati nkhani ikumvekabe bwinobwino, nyimboyo inali mlendo, ndipo dayilekita ayenera kuidula ngakhale wopeka akwiye.

Sarafina! imapambana muyeso umenewu. Nkhani yake ndi ya ana asukulu a pa Morris Isaacson High School ku Soweto, sukulu imene ophunzira ake anali patsogolo pa zionetsero za pa 16 June 1976. Pemphero la Ambuye limene ana amaimba pa asembule likutionetsa kalasi yonse idakali yamoyo ndi yosangalala, kotero kuti mfuti zikalira timadziwa amene tataya. Nyimbo ya pamaliro imayamba ndi kulira n'kuthera m'kukunga zibakera, ndipo pamenepo ana aja asintha popanda wina kuima n'kulengeza kuti asintha. Ngema anasankha mbaqanga, nyimbo ya m'makomboni momwemo, ndipo anagwira ntchito ndi Hugh Masekela, amene nthawiyo n'kuti ali kunja kothawira boma la azungu.

Osewera ambiri anali achinyamata osaphunzira zisudzo. Leleti Khumalo, wa ku KwaMashu ku Durban, anali asanakwanitse zaka 20. Ngema anawasonkhanitsa n'kukhala nawo miyezi yambirimbiri, akuimba, akuvina, akuyesa chigawo, akuchitaya, akuchiyambanso. Sewero latsopano la nyimbo silithera papepala. Wopeka amabwera ndi nyimbo yokoma, koma mtsikana akaiimba akuvina mpweya umamuthera pakati, ndiye mwina kavinidwe kasinthe kapena nyimboyo itsike. Chigawo chimene chinkaoneka chachifupi powerenga chimapezeka kuti chikugonetsa anthu. Zonsezi zimadziwika pa pulakatisi pokha, ndipo pulakatisi imadya ndalama: osewera adye, agone, holo ilipiridwe, tikiti isanagulidwe ngakhale imodzi.

Sewero la Sarafina! linatsegulidwa ku Market Theatre mu 1987, dziko lili pansi pa malamulo okhwima a nthawi ya zipolowe, Nelson Mandela ali m'ndende ndipo chithunzi chake chili choletsedwa. Ngema anapereka mbali ya Mandela kwa mtsikana, m'kasewero ka ana asukulu m'kati mwa sewero lalikulu. Chaka chomwecho gululi linapita ku Lincoln Center ku New York, ndipo mu January 1988 linasamukira ku Cort Theatre pa Broadway, kumene linasewera maulendo 597 n'kupikisana nawo m'magawo asanu a mphoto za Tony.

Sizinamuyendere zonse. Mu 1995 unduna wa zaumoyo ku South Africa unamupatsa kontirakiti ya ndalama zoposa R14 miliyoni kuti apange Sarafina II, sewero lophunzitsa za Edzi. Nkhani ya momwe kontirakitiyo inaperekedwera inafufuzidwa ndi ofesi ya Public Protector, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa. Kwa ine, vuto lina linali la luso: Sarafina woyamba anayamba ndi nkhani imene inkawotcha mitima ya osewera ake, wachiwiri anayamba ndi uthenga wa wopereka ndalama. Ife amene timalemba timasewero ta mabungwe tikudziwa momwe zimathera.

Ngema anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 27 December 2023 ku Eastern Cape. Inu a makampani ndi mabungwe amene mumathandiza zisudzo kuno, mukamalemba bajeti musamangolipira tsiku loonetsa ndi zikwangwani. Ikanimo miyezi ya pulakatisi ndi chakudya cha osewera.