Mbiri ya Ofesi ya Zombo Zankhondo za Ajeremani ndi Makalata Ake

Lero tiyambe tasiya za fodya ndi thonje, ndikuuzeni mbiri ya ofesi ina ya ku Ulaya. Inu mafumu mukudziwa kuti mlandu ukavuta pabwalo, wina akukana wina akuumirira, kawirikawiri chimene chimaudula ndi buku la kalaliki. Mlandu umene mumve lero unadulidwanso ndi zolemba, koma amene anazilemba ndi opalamula omwe.

Nkhondo yoyamba ya Ajeremani, ija inafika ndi ku Karonga mu 1914, inatha mu 1918. Chaka chotsatira maiko opambana anawasainitsa pangano ku Versailles, m'dziko la France. Panganolo linati asilikali awo a pamadzi asapitirire 15,000, zombo zazikulu zankhondo zikhale 6 zokha, ndipo chombo choyenda pansi pa madzi asakhale nacho ngakhale chimodzi. Lamulo lotsirizali ndilo linali lalikulu, pakuti zombo zotere ndizo zinamiza sitima zambiri zopita ndi chakudya ku Mangalande.

Ofesi yoyang'anira zombo zotsalazo inali mumzinda wa Berlin, ndipo kuyambira 1920 dzina lake linali Marineleitung. M'kati mwake munali nthambi zingapo. Ina inkaona za ndalama, ina za kamangidwe ka zombo, ndipo nthambi yotchedwa Marinekommandoamt ndiyo inkaona za maphunziro a asilikali ndi kulinganiza za nkhondo.

Pamaso pa anthu ofesiyi inkamvera pangano, koma kuseri inkachita zina. Mu 1922 makampani omanga zombo a ku Jeremani anatsegula ofesi ku Holland, kumene panganolo silinkafika, ndipo ndalama za Marineleitung zinayamba kulowamo mobisa. Amisiri a kumeneko ankajambula zombo zoyenda pansi pa madzi ndi kuyang'anira kamangidwe kake ku maiko ena monga Spain ndi Finland. Zikatha kumangidwa, Ajeremani ankakwera namo ngati oziyesa chabe, chikhalirecho akuphunzira. Ndi monga munthu amene mfumu yamuletsa kuweta ng'ombe, iye nakaziika m'khola la mlamu wake kutsidya la mtsinje.

Ndalama zobisika zimavuta kusunga. Amene anagwira thumba lachinsinsi anali Kapitao Walter Lohmann. Iyeyu, pofuna kuchulukitsa ndalamazo, anaziika m'malonda osiyanasiyana, ngakhale m'kampani yogulitsa nyama ya nkhumba ndi m'kampani ya kanema yotchedwa Phoebus. Malonda anagwa. Mu 1927 nyuzipepala ina ya ku Berlin inaulula nkhaniyi, ndipo mu 1928 nduna yoona za asilikali, Otto Gessler, inatula pansi udindo. Mkulu wa Marineleitung, Hans Zenker, nayenso anachoka chaka chomwecho, nalowa m'malo mwake Erich Raeder. Anthu anasintha, koma ntchito yakuseri ija inapitirira.

Umboni wake ndi uwu. Pa 18 June 1935, Hitler atalamula kale zaka ziwiri, Angerezi anavomereza kuti zombo za Ajeremani zifike pa magawo 35 mwa magawo 100 a zombo zawo. Patangopita masiku 11, chombo choyamba choyenda pansi pa madzi, U-1, chinayamba ntchito. Inu alimi mukudziwa kuti chimanga sichicha masiku 11. Chaka chotsatira ofesi ija inapatsidwa dzina latsopano, Oberkommando der Marine.

Tsopano imvani chodabwitsa. Ofesi imene inkabisa ntchito zake inkazilembanso mosamala: malamulo, makalata, maganizo a m'misonkhano, zonse zinkaikidwa m'mafayilo. Mu 1937 mpaka anasindikiza kabuku kachinsinsi kofotokoza monyadira mmene anazembera pangano kuyambira 1919 kufika 1935. Kunena zoona, iwo sankaona ngati apalamula. Ankati akutumikira dziko lawo, ndipo ankafuna kuti odzabwera m'mbuyo adzawathokoze.

Nkhondo yachiwiri itafika povuta, mabomba akugwa mu Berlin, makalata onsewa anawasamutsira ku nyumba yaikulu yachifumu ya Tambach, pafupi ndi mzinda wa Coburg. Kumeneko ndiko asilikali a maiko opambana anawapeza mu April 1945, nawatumiza ku London, kumene Angerezi ndi Aamereka anawawerenga ndi kuwajambula.

Pa bwalo lalikulu la milandu la ku Nuremberg, Raeder anaimirira pamodzi ndi akuluakulu ena a Hitler. Oimba mlandu sanavutike kufuna mboni zambiri. Anamuwerengera makalata a ofesi yake yomwe, ndi kabuku ka 1937 kaja. Milandu yake inali ingapo, kuphatikizapo wolinganiza zoukira dziko la Norway mu 1940, ndipo mu 1946 anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Anamumasula mu 1955 chifukwa cha matenda, namwalira mu 1960.

Makalata aja Angerezi anawabweza ku Jeremani pang'onopang'ono. Lero amasungidwa m'nyumba ya Boma yosungira mbiri ya asilikali mumzinda wa Freiburg, ndipo ophunzira za mbiri amaloledwa kupita kukawawerenga.