Zigubu ndi Zitini Zotha Nchito Zingapulumutse Nkhuku za Kumudzi kwa Mphuka

Dera la Mfumu Mphuka lili m'boma la Luangwa, m'cigawo ca Lusaka, kufupi ndi pamene mtsinje wa Luangwa umathira m'Zambezi. Akuluakulu ambiri amachulabe malowa ndi dzina lakale la Feira, liwu la Cipwitikizi lotanthauza msika. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, pamene kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe.

Kuno ndi kucigwa kotentha, ndipo mvula kawirikawiri siifika mamilimita 800 pa caka. Ng'ombe zimavutika ndi kashembe, minda imalowedwa ndi njovu, cotero mabanja ambiri amadalira nsomba, mbuzi ndi nkhuku. Nkhuku ndiyo imagulitsidwa mwana akafuna makope, kapena wodwala akafuna ndalama yoyendera kupita ku cipatala ca Katondwe. Pa 29 Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca nyengo imeneyo cinali tsoka la dziko lonse, mbewu zitapserera m'maboma 84 mwa maboma 116. M'caka cotero thadzi limodzi limasiyanitsa banja logona ndi njala ndi banja logula ufa.

Zomwera ndi zodyera za nkhuku zopangidwa ku fakitale zimapezeka mosavuta ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 300. Ndi alimi ocepa amene angakwere basi kukagula comwera ca nkhuku khumi. Koma pafupifupi khomo lililonse lili ndi cigubu cimene munali mafuta ophikira, citini ca mkaka, ndowa yong'aluka kapena beseni lobooka. Zimenezi zingagwire nchito yomweyo, malinga munthu atadziwa cimene akucita.

Coyamba ndi madzi, ndipo kwa Mphuka nkhani ya madzi iposa zina zonse. Nkhuku siituluka thukuta. Thupi lake limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo m'mwezi wa Okutobala kunja kwa m'cigwa muno kumafika kapena kupitirira madigiri 40. Njira imene nkhuku ili nayo yodziziziritsa ndi kuyasamula kukamwa, kupuma mwawefuwefu ndi kutambasula mapiko, ndipo popuma motero imataya madzi ambiri. Nkhuku yaikulu imamwa pafupifupi kapu imodzi pa tsiku, koma kukatentha imamwa makapu awiri. Izi zitanthauza kuti nkhuku khumi zifuna malita asanu tsiku lililonse m'cilimwe. Magawo atatu mwa magawo anayi a dzira ndi madzi, n'cifukwa cake thadzi losowa madzi limayamba ndi kuleka kuikira lisanaoneke n'komwe kuti likudwala.

Mwambo wa m'midzi yambiri ndi kuthira madzi m'phale kapena m'mbale yakale ndi kuisiya pabwalo. Pofika masana madziwo amakhala atatentha, nkhuku zapondamo, zitosi zagweramo, mwinanso galu kapena mbuzi yamaliza. Anapiye nawo amagweramo ndi kumira, kapena kunyowa ndi kufa usiku.

Comwera ca anapiye cimapangidwa ndi citini ndi mbale. Tengani citini cotsegula kumwamba, muboole kabowo ndi msomali pa masentimita awiri kucokera kukamwa kwake. Dzazani madzi, vundikirani ndi mbale, kenaka tembenuzani zonse pamodzi msangamsanga kuti citini ciime cozondoka m'mbalemo. Madzi adzatuluka pang'ono ndi kuleka okha.

Ambiri amadabwa cifukwa cake madziwo satayika onse. Cimene cimacitika n'cakuti madzi sangatuluke m'citini ngati mpweya sukulowa kukatenga malo ake. Madzi a m'mbale akakwera ndi kutseka kabowo, mpweya umasowa polowera, ndipo madzi otsala amagwidwa m'kati. Anapiye akamwa, kabowo kamaonekera, kampweya kamalowa, madzi ena n'kutsika. Amene wamvetsa zimenezi sadzavutika kupeza colakwa comwera cikamataya madzi. Mwina citini cili ndi bowo lina kumatako kumene mpweya ukulowera, mwina mlomo wa mbale ndi wamfupi kuposa pamene pali kabowo, apo ayi comwera caikidwa pamalo opendekeka. M'mbalemo ndi bwino kuikamo timiyala toyera kuti mwanapiye asathe kulowamo thupi lonse.

Cigubu ca malita asanu cimatsata lamulo lomweli, kungoti sicitembenuzidwa. Kabowo kamaboodwa m'munsi, cigubu n'kuimikidwa m'beseni. Pothira madzi munthu atseke kabowo ndi cala, ndipo acotse calaco atamanga kale citsekero mwamphamvu. Citsekero cikakhala cong'aluka, madzi onse amathera pansi.

Nkhuku zazikulu zimakwanira ndi cigubu ca malita 20 codulidwa mazenera m'mbali, aakulu moti mutu ndi khosi zilowe koma osati miyendo. M'mphepete modulidwamo muyenera kusalazidwa ndi mpeni wotenthetsa pamoto, cifukwa pulasitiki wakuthwa amaceka lipombo ndi khosi. Cigubuco cikhale pamthunzi, pamwamba pa njerwa, madzi alingane ndi msana wa nkhuku. Botolo loonekera m'kati likakhala padzuwa limatenthetsa madzi ndi kumera ndere, ndipo nkhuku zimakana madzi otentha ngakhale zili ndi ludzu.

Pano tiyenera kunena cilungamo: pa kuziziritsa madzi, palibe cigubu coposa mphika wadothi wa agogo athu. Dothi limatulutsa cinyezi pang'onopang'ono, ndipo cinyezico pouma cimatenga kutentha kwa madzi. Mphika wothyoka mlomo, wokwiriridwa theka mu mcenga wonyowa pansi pa mtengo wa masau, umasunga madzi ozizira kufikira madzulo. Vuto lake ndi lakuti ndi wotsegula, cotero ufunika kutsukidwa tsiku ndi tsiku, ndipo si wa anapiye.

Pa cakudya, colinga ndi kucepetsa cotayika. Gaga, mapira kapena cimanga cosinja zikamwazidwa pansi, gawo lina limakwiririka m'fumbi, lina limadyedwa ndi mbalame ndi makoswe, ndipo cimene nkhuku yatola cimakhala cosakanizika ndi zitosi, mmene mumakhala mazira a njoka za m'mimba. Ndowa yakale ya pulasitiki imathetsa zimenezi. Iboodwe mabowo anayi kapena asanu kuzungulira m'munsi, imangiriridwe ndi waya pakati pa beseni lokulirapo, cakudya cithiridwe m'ndowa ndi kuvundikira. Cimatsika cokha pamene nkhuku zikudya. Amene ali ndi cigubu codula pakati kapena mtengo wosemedwa ngati kabwato asadzaze mpaka pakamwa, koma athire gawo limodzi mwa magawo atatu, popeza nkhuku imapalasa ndi mlomo. Kandodo kopingasa pamwamba, komangidwa moti kazigubuduka, kamaletsa tambala kukwerapo.

Anapiye amafuna cakudya cabwino kuposa amawo, koma akuluakulu amawalanda. M'dera la asodzi ngati lino mankhwala ake ali pafupi: mono wakale kapena dengu lotha, lovundikiridwa pansi ndi kusiyidwa timipata tokwana mwanapiye yekha. M'katimo muikidwe gaga wosakaniza ndi nyenyeswa za nsomba zouma zosathira mcere wambiri. Dengu lomwelo limabisa anapiye kwa mphamba ndi akhungubwe m'milungu yoyamba, imene ndiyo nthawi yomwe ambiri amatayika.

Ku maiko a kumadzulo kwa Africa, monga Burkina Faso ndi Togo, alimi amakola ciswe ca anapiye ndi mphika. Amaikamo ndowe zouma ndi mapesi, kuwazamo madzi, ndi kuuvundikira pa njira ya ciswe madzulo. M'mawa amakakhutulira anapiye. Ciswe kwa Mphuka sicisowa.

Gaga wosungidwa m'thumba pansi amakoka cinyezi ndi kucita cuku, ndipo cuku cina cimatulutsa poizoni woononga ciwindi ca nkhuku. Ndowa ya civundikiro, yokhazikidwa pa thabwa, ndi nkhokwe yokwanira, bola gagayo akhale atauma bwino asanatsekeredwe.

Zisa sizivuta. Beseni lobooka, katoni, kapena cigubu ca malita 20 codulidwa mbali imodzi cimakwana thadzi limodzi. Muyalidwe phulusa pansi, udzu wouma pamwamba, ndipo ciikidwe pamalo amdima, otetezeka kwa agalu, njoka ndi ng'azi. Thadzi lofungatira likhale ndi cisa cakecake kwa masiku onse 21, madzi ali pafupi. Anapiye akaswa, udzu utenthedwe, cigubu citsukidwe ndi sopo. Apa pulasitiki aposa dengu, cifukwa utitiri umabisala m'mipata ya nsungwi ndipo umatha kuthamangitsa thadzi pamazira. Tayala lakale lodzazidwa mcenga ndi phulusa limakhala bafa la nkhuku locotsera utitiri ndi nsabwe. Koma tayala lodula pakati lothiramo madzi limavuta kutsuka, ndipo madzi akagonamo sabata yathunthu limasanduka coswera udzudzu.

Pali zotengera zina zimene siziyenera kuyandikira nkhuku ngakhale zitaoneka zoyera motani. Botolo kapena cigubu cimene munali mankhwala ophera tizilombo m'thonje kapena m'dimba, mankhwala osambitsira ziweto, ophera udzu, petulo, dizilo kapena oilo wa injini ya boti, cimasunga poizoni m'thupi la pulasitikiyo. Kutsuka sikumucotsa yense. Malangizo a alangizi a zaulimi ndi akuti cotengera ca mankhwala citsukuluzidwe katatu, madziwo athiridwe m'copopera, kenaka cibooledwe kuti wina asadzacigwiritsenso nchito. Cimodzimodzinso bokosi la batire la galimoto kapena la sola, limene ena amadula kuti likhale comwera cifukwa ndi lolimba. Muli mtovu, ndipo mtovu umalowa m'mazira ndi m'nyama, n'kukathera mwa ana a pakhomo, amene ubongo wawo umaonongeka nawo mosabwezeka. Cigubu cogula pamsika cimene mwini sakudziwa cimene munali, ndi bwino kucisiya. Ca mafuta ophikira, ca zakumwa ndi ca madzi ndico coyenera.

Ukonde wa udzudzu nawo suyenera kusanduka mpanda wa anapiye pamene ukali wabwino kugonamo, makamaka m'cigwa ca malungo ngati cino.

Dzuwa la kuno limaumitsa pulasitiki ndi kumuphwanya pakapita miyezi. Tizidutswa take titoledwe nkhuku ndi mbuzi zisanameze, ndipo tisatenthedwe pafupi ndi khola kapena nyumba cifukwa utsi wake ndi woipa.

Zipangizo zonsezi sizingaletse citopa, nthenda imene ena amati cideru, yomwe imatha kupulula pafupifupi khola lonse m'masiku ocepa. Azungu anaipatsa dzina la mzinda wa Newcastle ku England, kumene inaoneka m'ma 1920. Imayambitsidwa ndi vairasi ndipo ilibe mankhwala ocizira. Imayenda ndi nkhuku yogula pamsika, nsapato za alendo, madengu onyamulira, ndiponso zomwera ndi zodyera zobwerekana. N'cifukwa cake cigubu ca khola lanu cisapite kwa mnansi, ndipo nkhuku yatsopano ikhale payokha kwa milungu iwiri, ndi comwera cake, isanasakanizidwe ndi zinzake. Pakhomo pamene pafa nkhuku ndi nthendayi, makatoni ndi madengu atenthedwe, zigubu zitsukidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa.

Citetezo ceniceni ndi katemera. Mtundu wochedwa I-2, umene unakonzedwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia poganizira nkhuku za m'midzi, umapirira kutentha kuposa mitundu ina, ngakhale kuti nawonso suyenera kusiyidwa padzuwa. Umaperekedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu kapena mwanapiye, miyezi inayi iliyonse. Nkhuku yodwala kale siipatsidwa. Alimi afunse kwa alangizi a ziweto a Unduna wa Nsomba ndi Ziweto ku boma la Luangwa, ndipo cimakhala capafupi mudzi wonse ukagwirizana tsiku limodzi, popeza kabotolo kamodzi kamakwana nkhuku zambiri ndipo kakatsegulidwa sikakhalitsa.

Mitundu ina ya katemera, monga LaSota, imatha kuperekedwa m'madzi akumwa. Pa tsiku limenelo citini ca citsulo cicotsedwe, cifukwa dzimbiri limafooketsa katemera, monganso amacitira madzi othira klorini ndi zotsalira za sopo. Gwiritsani nchito comwera ca pulasitiki cotsukuluzidwa ndi madzi okhaokha. Nkhuku zimanidwe madzi kwa ola limodzi kapena awiri m'mamawa kusanatenthe, kenaka zipatsidwe madzi a katemerawo pamthunzi, ocepa moti zimalize asanathe maola awiri.