Kodi Mau Okoma Akwanira Kulowa Koleji ya Nyimbo?

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mayeso amene munthu ayesedwa pofuna kulowa koleji ya nyimbo, ndiponso za umboni umene ayenera kupita nao. Nkhaniyi yacokera m'kalata ya bambo wina wa ku Bulangililo, mu mzinda wa Kitwe, amene agwira nchito pansi pa mgodi. Mwana wace wamkazi watsiriza Giredi 12, ndipo wakhala alikuyimba m'kwaya ya mpingo ciyambire ali wamng'ono. Anthu onse amtama kuti ali ndi mau okoma. Tsopano mwanayo afuna kukaphunzira nyimbo ku koleji, ndipo bamboyo afuna kudziwa ngati mau okomawo akwanira, kapena adzangotaya ndalama za mafomu ndi za ulendo.

Funso ili liri m'mitima ya makolo ambiri ku Kwacha, ku Chimwemwe, ku Wusakile ndi ku Chifubu, cifukwa cace ndiliyankha poyera. Mau okoma paokha sakwanira. Koma musataye mtima, pakuti zimene zisowa ndi zinthu zimene mwana angathe kuziphunzira m'miyezi yowerengeka, malinga adziwe msanga kuti zifunika.

Amene adziwa Cibemba amva m'dzina la Bulangililo mau akuti ukulanga, ndiko kunena kuonetsa. Ife a Cinyanja tikamva kulanga tiganiza za cilango, ndipo ambiri apita ku mayeso awa ndi mtima wa munthu wokalandira cilango. Koma pano tanthauzo la Cibemba ndilo loyenera. Mayeso awa ndi malo oonetsera. Aphunzitsi safuna munthu wodziwa kale zonse, pakuti wotere sakadasowa sukulu. Afuna kuona ngati munthuyo ali ndi khutu, ali ndi khama, ndiponso ngati angaphunzitsike.

Kumene Nyimbo Ziphunzitsidwa

M'dziko lathu la Zambia, sukulu yodziwika kwambiri pa maphunziro a nyimbo ndiyo Evelyn Hone College ku Lusaka. Inatsegulidwa m'caka ca 1963, ndipo dzina lace ndi la Sir Evelyn Hone, Bwanamkubwa wotsiriza wa Northern Rhodesia. Aphunzitsi ambiri a nyimbo m'masukulu athu a sekondale anaphunzira kumeneko. Ku Malawi nyimbo ziphunzitsidwa ku University of Malawi mu mzinda wa Zomba, ndiponso ku Music Crossroads Academy ku Lilongwe. Kutali ku Cape Town kuli South African College of Music, imene inayamba m'caka ca 1910, ndipo kumeneko munthu angaphunzire nyimbo za Azungu, za jazz, ndi za kuno ku Africa.

Sukulu iri yonse iri ndi malamulo ace, ndipo malamulowo amasintha. Cifukwa cace nchito yoyamba ndiyo kupeza malamulo a caka cimene mufuna kulowa, kucokera ku ofesi ya koleji yeniyeniyo kapena pa tsamba lace la pa intaneti. Musadalire mau a mnzanu amene analowa zaka zisanu zapitazo. Akulu anati safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti khomo loyamba si nyimbo ai, koma setifiketi ya Giredi 12 ya Examinations Council of Zambia. Kawirikawiri makoleji afuna makirediti asanu, pamodzi ndi Cingelezi. Mwana wosowa amenewa ayambe walembanso mayesowo.

Mayeso a Pamaso pa Aphunzitsi

Pa Cingelezi mayeso awa amati audition. Wopempha malo alowa yekha m'cipinda momwe mwakhala aphunzitsi awiri kapena atatu, ndipo m'masukulu ambiri a nyimbo ayesedwa pa zinthu zinai.

Coyamba ndico nyimbo zimene wakonzekera, ziwiri kapena zitatu zosiyana, ina yofatsa, ina yothamanga. Woyimba ndi pakamwa aziyimba, ndipo woliza gitala, piyano, lipenga kapena kalimba aziliza. Pano ambiri alakwa posankha nyimbo yobvuta kuti adabwitse aphunzitsi. Nyimbo yapafupi yoyimbidwa bwino iposa nyimbo yaikuru yopunthwa m'njira. Sankhani imene mungathe kuiyimba ngakhale maondo alikunjenjemera.

Caciwiri ndico masikelo, ndiko kukwera ndi kutsika mau motsatana monga pa makwerero, kuyambira pa doh wapansi kufikira pa doh wapamwamba. Apa aphunzitsi amva kutalika kwa mau anu, ndiponso ngati muponda pa liu liri lonse molunjika.

Cacitatu ndico kuyesa khutu. Mphunzitsi aliza kanyimbo kakafupi pa piyano, ndipo inu mukabwereza. Aomba m'manja, ndipo inu muomba momwemo. Aliza mau awiri, nakufunsani kuti lokwera ndi liti. Pano mwana wa ku Migodi asaope konse, pakuti amene anakulira m'kwaya, kapena pa maliro ndi pa maukwati pomwe nyimbo zigwidwa ndi khutu, ali ndi cuma cimene ana ambiri ophunzira m'mabuku alibe.

Cacinai ndico kuwerenga nyimbo imene simunaionepo. Akupatsani pepala, mulipenya kanthawi kocepa, ndipo muyimba kapena kuliza zimene zalembedwa. Apa ndipo pagwera ambiri a ife. Potsiriza pa zonse aphunzitsi aceza nanu pang'ono, nafunsa cifukwa cimene mufunira maphunzirowa. Sukulu zina ziwonjezapo mayeso olemba a malamulo a nyimbo.

Kuti muone kulemera kwa zinthu izi, ndikupatsani citsanzo. Ku London kuli bungwe la Associated Board of the Royal Schools of Music, kapena ABRSM mwacidule, limene linayamba m'caka ca 1889. Liyesa oyimba m'maiko ambiri, kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 8. Pa mayeso ace a woliza coyimbira pamaso pa woyesa, mamalikisi onse ndi 150. Nyimbo zitatu zitenga 90, masikelo 21, kuwerenga nyimbo yacilendo 21, ndi kuyesa khutu 18. Kuti munthu apambane ayenera kupeza 100. Taonani tsono: ngakhale munthu aliza nyimbo zace zitatu popanda colakwa ndi cimodzi comwe, natenga 90 yense, akapanda kupeza kanthu pa zina zija walephera. Umu ndi momwe aphunzitsi a nyimbo aganizira.

Malembedwe Awiri

Bvuto la kuwerenga liri ndi ciyambi cace. Makwaya athu ambiri amene awerenga nyimbo agwiritsa nchito malembedwe a tonic sol-fa, aja a zilembo d, r, m, f, s, l, t. Njira iyi inayamba ku England ndi mai Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo mbusa John Curwen anaikonza naifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Amishoni ndiwo anabwera nayo kuno. Ndi njira yabwino ndithu kwa oyimba ndi pakamwa. Koma makoleji aphunzitsa ndi malembedwe ena, aja a timadontho tokhala pa mizere isanu, amene woliza piyano ku Kitwe ndi woliza lipenga ku Tokyo awerenga cimodzimodzi.

Wodziwa sol-fa ali kale pakati pa ulendo, pakuti adziwa mtunda umene uli pakati pa doh ndi soh. Catsala ndi kudziwa pomwe doh wakhala pa mizere ija, ndi kutalika kwa kadontho kali konse. Funani munthu wokuphunzitsani. Angakhale mphunzitsi wa nyimbo pa sukulu ya sekondale, woliza limba m'nyumba ya mapemphero, kapena wa m'gulu la malipenga. Theka la ora tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi liposa kucezera usiku wonse sabata lotsiriza.

Thumba la Umboni

Cinthu cina cimene sukulu zambiri zifuna ndico portfolio. Ife tinganene kuti thumba la umboni, pakuti m'menemo munthu asonkhanitsa zonse zocitira umboni kuti nyimbo sanaziyambe dzulo. Pakamwa pangathe kunena ziri zonse, koma aphunzitsi afuna cooneka ndi maso ndi comveka ndi makutu.

Ganizani za ici. M'caka ca 1957 Hugh Tracey anayenda m'makomboni a ku Migodi kuno najambula mau a anthu a pa mgodi oliza magitala. Nyimbo zimenezo zisungidwa kufikira lero ku International Library of African Music, imene iye anaiyambitsa m'caka ca 1954, ndipo tsopano iri ku Rhodes University ku South Africa. Oyimba amene anajambulidwa timva mau ao lero lino. Anzao ambiri, mwina oposa iwo pa luso, anapita ndi nyimbo zao kumanda. Tracey anayenda ndi galimoto yodzaza makina, koma inu muli ndi foni m'thumba.

M'thumba la umboni muike izi. Poyamba mafotokope a setifiketi ya Giredi 12 ndi a khadi la NRC, otsimikizidwa ndi cidindo, ndipo mapepala enieniwo musunge kunyumba. Kenaka kalata yaifupi yofotokoza moyo wanu wa nyimbo: munayamba liti, m'kwaya iti, muyimba liu liti, muliza ciani, munayimbapo pa misonkhano iti. Lembani zoona zokha, pakuti adzakufunsani. Muikenso makalata awiri a umboni, ina ya mphunzitsi wa ku sukulu, ina ya mtsogoleri wa kwaya kapena wa gulu lanu. Ngati muli ndi setifiketi ya mpikisano wa makwaya kapena ya mayeso a nyimbo, nayonso ilowe. Wopeka nyimbo aike ziwiri kapena zitatu za iye mwini, zolembedwa pa pepala ndi zojambulidwa.

Tsono vidiyo. Sukulu zambiri za kutali zilandira vidiyo m'malo mwa ulendo, ndipo ABRSM nayo inayamba mayeso a pa vidiyo m'caka ca 2020. Jambulani pa malo a cete, foni itakhazikika, nkhope ndi manja zilikuoneka. Nenani dzina lanu ndi la nyimbo, ndipo muyimbe kuyambira paciyambi kufikira pamapeto osadula. Musapite ku situdiyo kuti makina akakometse mau anu, pakuti aphunzitsi azindikira msanga. Musatumizenso vidiyo ya kwaya yonse ya anthu 40 ndi kunena kuti ine ndiri mu mzere waciwiri. Afuna kumva inu nokha.

Musacite Manyazi ndi Nyimbo za Kwanu

Ana ena aganiza kuti ku koleji ayenera kupita ndi nyimbo za Azungu zokha. Kumeneko ndi kulakwa. Pa mayeso a ABRSM a woyimba ndi pakamwa, m'malo mwa masikelo afuna nyimbo ya makolo yoyimbidwa popanda coyimbira. Alick Nkhata, amene makolo athu anamumva pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950, anamveka cifukwa ca kutenga nyimbo za m'midzi ndi kuziika pa gitala. Ngati malamulo a koleji alola kusankha, nyimbo imodzi ikhale ya kwanu, ya cimtali, ya kalela kapena yotonthoza mwana, ndipo mudziwe kufotokoza tanthauzo lace ndi nthawi imene iyimbidwa. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Tsiku Lace

Kucokera ku Kitwe kufika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita ngati 360. Ngati mwaitanidwa, musanyamuke m'mamawa wa tsiku lomwelo. Fikani dzulo lace, mugone, mau apume. Tengani nthambo zina za gitala zapadera ndi mapepala a nyimbo zanu. Bvalani zaulemu monga popita kukafuna nchito. Mukalakwa pakati pa nyimbo musaime ndi kupepesa, pitirirani. Mphunzitsi akakuimitsani nati mubwereze mwa njira ina, musakhumudwe, pakuti pamenepo ndi pomwe alikuyesa ngati muphunzitsika.

Mau kwa Makolo

Ndibwerere kwa inu bambo a ku Bulangililo. Ndidziwa kuti pansi pa funso lanu pali lina limene simunalilembe, lakuti kodi nyimbo zidzamdyetsa mwanayu? Nkhawa yanu njomveka, pakuti ndalama ya pa mgodi ibwera ndi thukuta. Kitwe yemweyu anabala gulu la WITCH m'zaka za m'ma 1970, ndipo woyimba wace, Emmanuel Jagari Chanda, anadzasiya gululo nakaphunzira uphunzitsi. Wophunzira nyimbo ku koleji angakhale mphunzitsi, wa m'gulu la malipenga la asilikari kapena la apolisi, wotsogolera kwaya, kapena wa nchito m'situdiyo ndi pa wailesi. Njira imeneyi si ya cuma cambiri, koma ndi nchito yeniyeni.

Tsono citani ici musanalipire kanthu. Muuzeni mwana apeze malamulo a koleji, afune womphunzitsa mizere isanu ija, ndipo asonkhanitse thumba lace la umboni. Mpatseni miyezi itatu. Mukaona kuti tsiku ndi tsiku akhala pansi ndi pepala lace popanda womkakamiza, dziwani kuti ndalama yanu siidzapita pacabe. Mukaona kuti akonda kutamidwa kokha, ndipo pepala limtopetsa, mwadziwa coona musanataye kanthu, ndipo iye angapitirize kukondweretsa mpingo ndi mau ace okoma, cimene sicinthu cacing'ono ai.